Kamba wa bambo anga wakana utuchi, mchenga ndi nyuzipepala

Aphungu,

Kalata ino ndaiyamba katatu n'kuing'amba. Anzanga amakulemberani za mabanja ogwedezeka ndi ana osamva, pomwe ine ndabwera ndi nkhani ya kamba. Inde, kamba weniweniyu wa chigoba kumsana. Ngati n'kuseka sekani, amuna anganso anayamba n'kuseka, koma mukatha mundithandize chifukwa ndasowa mtengo wogwira. Funso langa ndi laling'ono: kodi m'khola la kamba amayalamo chiyani? Koma yankho lake likachedwa, ndikuopa kuti nditaya kambayo pamodzi ndi bambo anga ondibala.

Ndiyambe poyambira. Bambo anga anagwira ntchito yolima maluwa ndi mbande za mitengo kwa zaka zoposa makumi atatu. Kumeneko n'kumene anamutola kambayu, mnzawo wina atamutema mwangozi ndi khasu. Anabwera naye kunyumba atamukulunga m'jekete, ine ndili kamtsikana ka pasukulu, ndipo chipsera cha khasulo chikuonekabe pachigoba mpaka lero. Malemu mayi anga ndi amene anamutcha dzina loti Akapitawo, chifukwa m'mawa uliwonse ankazungulira bwalo lonse atatulutsa khosi, ngati akuwerenga amene sanabwere kuntchito. Wakhala m'banja mwathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Amuna anga anamupeza, ana anganso anamupeza, ndipo bambo ankakonda kunena kuti, "Mkamwini, pakhomo pano wamkulu ndi uyu. Inu mwabwera dzulo."

Kunyumba kwa bambo kunali bwalo, ndipo kuseri kwa thanki ya madzi kunali kangodya kamene tonse tinkaletsedwa kupondapo. Chaka chilichonse kukayamba kutentha, bambo ankagaula pamenepo, kusakaniza dothilo ndi masamba ouma, kuthira madzi ndi keni, kenako n'kulengeza kuti, "Apa ndi pa ofesi pa Akapitawo. Wopondapo andiona." Ife tinkangoseka, tinkati ndi nthabwala za munthu wokonda khasu.

Miyezi inayi yapitayo bambo anadwala sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu nawonso anapita. Chimene chinatsala pakamwa pawo ndi "eya" basi, ndipo ngakhale ameneyo amatuluka mwa apo ndi apo. Sakanatha kukhalanso okha, choncho tinawatenga kuti tizikhala nawo kuno, m'nyumba zosanjikizana, pansanjika yachiwiri. Tsiku lowasamutsa, titawanyamula kuti tiwatulutse, anagwira felemu ya chitseko ndi dzanja lamanzere osasiya. Tinanyengerera, tinakoka, koma ayi ndithu. Amuna anga ndi amene anazindikira. Anazungulira kuseri, n'kubwera ndi kamba, n'kumuika pamiyendo pawo. Bambo anasiya chitseko nthawi yomweyo n'kunena kuti, "Eya."

Tsopano ndiulule za ine. Ndimagwira ntchito yoyeretsa kuchipatala, m'chipinda chochitira opareshoni ndi m'mawodi oyandikana nacho, ndipo chaka chino n'chakhumi ndi chinayi. Anamwino amanditcha Mayi Mopu, ndipo dzinali sindikwiya nalo chifukwa ndinaligwirira ntchito. Ndaona ndi maso angawa zimene kafumbi kochepa kamachita pabala la munthu. Kwathu nsapato zimathera pakhomo. Ndiye amuna anga, amene ndi kalipentala, atakhoma bokosi lalikulu pakhonde loti likhale khola la Akapitawo, ine ndinayalamo matailosi otsala a m'bafa, oyera mbee, kuti ndizikolopa mosavuta. Ndimakolopamo kawiri patsiku ndi mankhwala ophera majeremusi, m'mawa ndisananyamuke ndi madzulo ndikaweruka. M'khola limenelo, Aphungu, mukhoza kudyeramo popanda mbale.

Koma mwini khola sanayamikire. Paja amati kamba amanyerera amene wam'tola. Pamatailosi ankaterereka, miyendo n'kumapita uku ndi uku. Ndinayala nyuzipepala, iye n'kuzing'amba, n'kuzinyowetsa, n'kuzikankhira pakona. Amuna anga anati ndiwasiyire, ndipo anabwera ndi thumba lathunthu la utuchi wa kushopu kwawo, wonunkhira paini, wosakanikirana ndi wa matabwa opaka vanishi. Ndisaname, m'kholamo munakongola. Patangotha masiku asanu maso a Akapitawo anatupa, misozi ikuchucha, kumphuno kukuchita thovu. Ndinauwola wonse n'kukautaya. Mayi wa nyumba ya pansi pathu anati kamba ndi wa mumchenga, ndiye ndinakapempha ndowa ziwiri pamene akumanga nyumba kuseri kwathu. Mchengawo unkamatirira ku nkhaka ndi masamba amene ndinkam'patsa, iye n'kumameza zonse, ndipo anatha masiku anayi osachita chimbudzi. Ndinauchotsanso. Ndinayesa thaulo lakale, ulusi unakola chikhadabo chake. Panopa tabwerera pamatailosi pomwe tinayambira.

Utuchi uja wandiyambanitsa ndi amuna anga. Atapeza thumba lawo lili kudzala anati, "Utuchi wangawu nkhuku za anthu onse kuno zimagonapo, ndiye kamba wanuyu ndi nduna?" Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinayankha kuti, "Mukanakhala odziwa za nyama bwenzi mukukhoma matebulo?" Ndinalakwa, ndikudziwa. Munthu amene amabereka bambo anga kumsana pamasitepe tsiku lililonse lopita ku mafizo kukaongola ziwalo sindinayenera kumuyankha chomwecho. Kuyambira tsiku limenelo mawu awo ndi "zikomo" ndi "chabwino" basi, ndipo pakhonde safikaponso.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Chiyambireni kutentha kuno, lero ndi tsiku lakhumi ndi chiwiri Akapitawo asanakhazikike. Akupita uku, kubwerera, kupita uko, kubwereranso, ngati nkhuku yosowa poikira. Amanunkhiza pansi, n'kupita pakona, n'kutembenuka, n'kuyamba kukanda tailosi ndi miyendo yakumbuyo, kwee, kwee, kwee, phokoso lake lolowa m'mano. Kawiri konse ndamupeza atagwa chagada poyesa kukwera khoma la bokosi. Chakudya akungochiponda n'kudutsa. Ine kuntchito manja amagwira mopu koma mtima uli pakhonde. Mng'ono wanga, amene amatsala ndi bambo masana, watopa nazo foni zanga. Dzulo ndinakolopa wodi imodzi kawiri osazindikira, mpaka namwino wamkulu anandifunsa ngati ndili bwino.

Nawonso bambo sakupeza mtendere. Mpando wawo uli pafupi ndi chitseko cha pakhonde, ndipo maso awo sachoka pabokosi. Kamba atasiya kudya, iwonso anayamba kukankha supuni. Phala limene ankamaliza mbale yonse, tsopano amadya masupuni atatu n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Lamba wawo taboolanso kabowo kena. Ndipo ayamba kachitidwe kena kamene kakundiopsa. Amatambasula dzanja lamanzere lija, kufumbata mwamphamvu, kufumbatula, kuyang'ana m'chikhatho, kenako kuyang'ana ine. Amabwereza kakhumi, mwinanso kuposa, mpaka misozi kulengeza m'maso. Ndinaganiza kuti dzanjalo layamba kuwawa, ndinalisisita ndi mafuta. Ndinawagulira kampira kofinya konga kamene amagwiritsa ntchito ku mafizo. Anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kukaponya kudzera pakhonde. Kanakagwera m'beseni la zochapa la mayi wa pansi uja. Mayiyo anakabweza mwaulemu, bambo anakaponyanso.

Lamlungu kunabwera achimwene anga. Anaima pakhonde manja ali m'thumba, n'kunena kuti, "Mlongo, kanyama ka kutchire n'ka kutchire, kakufuna kwawo aka. Loweruka ndibwera ndi galimoto tikakasiye kuthengo. Madala adzaiwala." Bambo anamva. Anamenya tebulo ndi dzanja lomwe lija mpaka kapu inagwa n'kusweka. Achimwene akuti umenewo ndiye umboni woti kambayu akuwasokoneza mutu.

Aphungu, Loweruka likubwera. Bambo sadzaiwala, ine ndimawadziwa. Kamba ameneyu akachoka, kapena akafera m'bokosi langa loyera lija, bambo anga sadzatsegulanso pakamwa kuti alandire supuni. Ndiuzeni choyala. Chokhacho ndikupempha, chikhale chinthu chaukhondo, choti ndikhoza kuchapa kapena kukolopa. Dothi lokha ayi, m'nyumba muli wodwala.

E. N. K., pansanjika yachiwiri, kuseri kwa depoti ya mabasi

Mayi E. N. K.,

Sindinaseke. Chabwino, pa kampira kogwera m'beseni paja ndinaseka pang'ono. Koma kalata yanu ndailumphitsa pamzere, chifukwa nkhaniyi si yodikira Loweruka. Ndinaiwerengera mnzanga wina amene ndi dokotala wa ziweto, ndipo ndisanafike n'kumapeto komwe iye anali atagwira kale kumutu.

Mwapempha chilichonse kupatula dothi. Pepani mayi, yankho lake ndi dothi.

Akapitawo anuwo, mmene ndikuonera, ndi amayi. Mwalemba nokha kuti akuzungulira ngati nkhuku yosowa poikira, ndipo simunadziwe kuti mwalasa. Kamba wamkazi akakhala ndi mazira amasiya kudya, amanunkhiza pansi, ndipo amakumba ndi miyendo yakumbuyo. Amaikira ngakhale palibe wamwamuna, kungoti mazirawo sakhala ndi ana. Nanga ofesi ija ya kuseri kwa thanki, imene bambo anu ankagaula chaka ndi chaka kukayamba kutentha, mumaganiza kuti munkachitikira msonkhano wanji? Munyamuleni bwinobwino osamugadabuza, musuzumire kunsi. Wamwamuna kumimba kwake kumakhala kolowa m'kati ndipo mchira ndi wautali. Wamkazi kumimba n'kwafulati, kamchira kakafupi. Kuchokera pakalata ndikhoza kuphonya, koma ngati ndalondola, nthawi ikutha. Kamba wosowa pokumba amasunga mazira m'mimba mpaka amamudwalitsa, ngakhale kumupha kumene, ndipo tailosi silikumbika.

Zimene mwayesazo zisiyeni zonse. Fumbi la utuchi limalowa m'maso ndi m'mphuno, ndipo kafungo ka paini kamene kanakusangalatsani kaja ndi mafuta opweteka chifuwa cha nyama yoyenda mphuno ili pansi. Wa vanishi ndiye usayandikire n'komwe. Mchenga wokhawokha umatseka matumbo, mwaona kale nokha. Nyuzipepala ndi ya masiku awiri kapena atatu pamene kamba akudwala, si yokhalapo. Mankhwala okolopera aja abwezeni kubafa.

Pezani dothi lapamwamba la pamalo amene sipanathiridwepo feteleza, mankhwala ophera tizilombo kapena oyilo wa galimoto. Ogulitsa mbande amakhala nalo, koma muwauze kuti mukufuna lopanda manyowa. Lisefeni, muchotse magalasi, misomali, miyala ndi timapulasitiki. Pa ndowa zinayi za dothi thirani ndowa imodzi ya masamba ouma ofikisa. Ngati dothilo ndi lamakande, lomata kwambiri, onjezani theka la ndowa ya mchenga, osapitirira pamenepo. Mbali imene kumawomba dzuwa la m'mawa, dothi lizame kuposa kutalika kwa chigoba chake, ndipo muyeze chigobacho ndi chingwe, musangoyerekeza. Mulitsindire ndi manja kuti dzenje lisamagumuke akamakumba. Mbali inayo ikhale yamthunzi ndi youma, yokhala ndi mulu wa udzu wouma woti azibisalamo. Madzi akumwa akhale m'mbale yosazama, yoti akhoza kulowamo n'kutulukamo yekha. Tailosi limodzi lisiyeni, likhale podyera pake kuti asamameze dothi. Limenelo litsukeni kangati konse mungafune, koma ndi madzi okha.

Mukatha zimenezi muchokepo. Kamba saikira munthu atamuimirira pamutu mopu uli m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye muzisuzumira chapatali, kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo.

Mantha anu a majeremusi sindikuwapeputsa ayi. Kamba amanyamuladi tizilombo totsegula m'mimba, kaya ali padothi kaya ali patailosi, ndipo bambo anu ndi ofooka. Chitetezo chake ndi sopo. Aliyense wogwira kamba kapena za m'khola asambe m'manja, ziwiya zake zisalowe kukhitchini, ndowe zizichotsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo dothi lonse lizisinthidwa pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Pamenepo ndiye luso lanu la zaka khumi ndi zinayi lipeza ntchito.

Amuna anu muwalondole kushopu lero lomwe, mukapepese. Mawu aja anali obaya. Pa utuchi analakwitsa, inde, koma ndi iwo amene anazindikira pachitseko paja, pamene ana enieninu munali kalikiliki kukoka. Bokosilo likufunika kukwezedwa makoma ndi matabwa osapaka kanthu, kuyalidwa pulasitiki woboola kuti madzi azituluka, ndiponso wina aone ngati khondelo lingapirire kulemera kwa dothi. Palinso ndowa zambiri zoti zikwere masitepe. Mukufunika kalipentala, ndipo muli naye m'nyumba.

Achimwene anu auzeni kuti galimoto abwere nayo, koma mawa, ndipo ulendo wake ndi wa kwa dokotala wa ziweto. Kamba amene wadyera pakhomo zaka zonsezi, kumusiya kuthengo n'kumupha, komanso akhoza kukapatsira matenda anzake a kutchire. Wakhala masiku ambiri osadya, wameza mchenga, maso anatupapo, ndiye ayenera kuunikidwa ndithu ngakhale dothi litakhala kuti lafika. Mukaona akukoka miyendo yakumbuyo, akudzikakamiza osatulutsa kanthu, kapena wangoti zii osasuntha, thamangani naye nthawi yomweyo. Musamufinye mimba, ndipo musam'mwetse mafuta ngakhale mayi wa pansi atalumbira kuti amathandiza. Mufunsenso dokotalayo zimene malamulo amanena pa kusunga nyama zotere. Za kusadya kwa bambo anu, dokotala wawo amve sabata ino.

Ndasiya dala funso limodzi: madzi othira m'dothilo akhale ochuluka bwanji? Louma limagumuka, lonyowa kwambiri limaoletsa chigoba. Olima mbande ali ndi muyezo wawo umene sufuna sikelo. Amatapa dothi, kulifumbata mwamphamvu, kufumbatula, n'kuyang'ana m'chikhatho. Likamwazika ndiye kuti lauma. Likadontha madzi ndiye kuti lanyowa kwambiri. Likaumbika n'kukhala osasweka, lafika.

Tawerenganinso kalata yanu, mayi. Ine sindikukhulupirira kuti dzanja la bambo anu likuwawa. Masiku onsewa iwo akhala akukuyankhani funso lomwe mwatumiza kwa ine, inu n'kuwagulira kampira.

Ndiye dothi likafika musasakanize nokha. Lithireni m'beseni, muliike pamiyendo pawo pamene panakhala kamba tsiku lija, mugwire keni, muzithira madzi pang'onopang'ono. Musasiye mpaka mutamva "eya". Ndipo chenjezo langa nali, poti ndakudziwani kale, Mayi Mopu: thaulo lili paphewa panulo lidikire kaye. Dzanjalo mudzalisambitsa ndi sopo asanadye, koma musathamangire kulipukuta. Latha miyezi inayi lisanagwire ntchito yake.

Aphungu